Mphindi Zisanu ndi Zinayi Zimene Atsibweni Anakhala Chete

Ku Kawale, m'nyumba ya zipinda ziwiri yoyang'ana njira yafumbi yotsikira ku Chilinde, mumakhala bambo Jeremiah Kachiwanda. Ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, wowonda, wosachulutsa mawu, amene amavala jekete lotuwa ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Anansi awo amawadziwa monga bambo wopereka moni mwaulemu ndi kupitirira. Akafunsidwa za ntchito yawo, amayankha kuti amathandiza pa kashopu kena ka makompyuta mumsika wa Chilinde, ndipo wofunsayo amangoganiza kuti mwina amasesapo kapena amalondera. Koma mawu a bambo ameneyu amamveka tsiku ndi tsiku m'mafoni ndi m'makanema a anthu ambiri, kuyambira ku Biwi kufikira ku Mgona. Iwowa ndiwo Atsibweni, womasulira mafilimu achilendo m'Chichewa, amene anthu amamudziwa ndi mawu okha, osati nkhope.

M'mwezi wa Ogasiti chaka chathachi, ntchito imeneyi inafika pachiswe chifukwa cha mphindi zisanu ndi zinayi zimene Atsibweni anakhala chete pakati pa filimu. Kuti nkhaniyi imveke bwino, n'koyenera kuyamba ndi kufotokoza kumene mawuwo anachokera.

A Jeremiah anabadwira ku Ntchisi, ndipo sukulu analekezera Sitandade 6 bambo awo atamwalira. Anafika mu Lilongwe m'chaka cha 1989, napeza ntchito yosamalira maluwa panyumba ya azungu ena ku Area 10. Pambuyo pake analowa m'khitchini. Chingerezi anachiphunzira ndi khutu, pomvetsera zokamba za patebulo pamene ankadikira kuchotsa mbale, ndiponso powerenga magazini akale amene ankapatsidwa kuti ayatsire mbaula. Azunguwo atabwerera kwawo, iwo anakhala miyezi isanu ndi itatu opanda ntchito.

Masiku amenewo ku Mgona kunali kanyumba ka bango koonetseramo mafilimu a matepi, ndipo a Jeremiah ankalowamo pothawa dzuwa. Tsiku lina munthu amene anakhala naye pabenchi anafunsa kuti msilikali wa m'filimuyo wanena chiyani. Iwo anamuuza. Wina wa kutsogolo anatembenuka napempha kuti abwereze. Filimu isanathe, mwini kanyumbako anawaimika pambali pa kanema kuti aziuza anthu onse. Ndi pamenepo pamene anazindikira kuti m'khosi mwawo munali munthu wina, wa mawu othamanga otulukira m'mphuno, wamwano pang'ono, amene ankapatsa akazembe a ku China mayina a ku Dowa ndi kuwakweza minibasi ya ku Area 23. Anthu anamutcha Atsibweni. A Jeremiah eni ake sankatha kulankhula motero ngakhale atayesa. Mawuwo ankabwera pokhapokha kanema akayaka.

Pakhomo pa kanyumbako panali mtsikana wogulitsa zitumbuwa, dzina lake Ennie, wochokera ku Mponela. Iye ankaonera mafilimu pampata wa bango. Tsiku lina a Jeremiah akutuluka, mtsikanayo anawapatsa chitumbuwa nati, "Filimu inali yabwino, koma inu munalankhula kwambiri. Pamene mayi uja amalira, mukanamusiya alire yekha." Anakwatirana chaka chotsatira. Anabereka mwana mmodzi, Thandie, amene tsopano ali pabanja ku Area 25. Mayi Ennie atalowa m'gulu la amayi a chigwirizano, anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti akulu a mpingo asadziwe kuti amuna awo ndiwo amanyoza akazembe a ku China pakati pa anthu. Chinsinsi chimenecho chinasungika zaka zoposa makumi awiri, ndipo chikali chosungika.

Matepi anatha, kunabwera zimbale, zimbale nazonso zinatha. Lero anthu amapita ndi foni kapena fulashi kukaikitsa mafilimu pakompyuta. Kwa zaka zisanu ndi zitatu zapitazi a Jeremiah akhala akugwira ntchito ndi Kasimu, mwini kashopu ka ku Chilinde kaja, munthu wocheperapo msinkhu amene amawatchula kuti madala. Kagwiridwe kawo ka ntchito sikanasinthe. Filimu iliyonse amaionera kawiri, kuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, ndi kulemba zofunika m'kope. Kenaka amakhala pabenchi ya kutsogolo kwa kashopuko monga munthu wopuma, namamvetsera zimene makasitomala akukamba. Mwambi wa kabaza, chitonzo cha wogulitsa nsomba, madandaulo a mtengo wa makala, zonsezi zimalowa m'kope, ndipo sabata yotsatira zimatuluka m'kamwa mwa mfumu ya ku India. Kujambula mawu kumachitikira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Kasimu, kamene makoma ake anamatidwa ndi mathileyi a mazira. M'kachipindako muli lamulo limodzi: mafoni onse azimitsidwe. Lamuloli analiika a Jeremiah eni ake, chifukwa nthawi ina foni inalira pakati pa ntchito niwononga mawu a maola awiri.

Filimu ikatha, woyamba kuiweruza anali mayi Ennie. Loweruka lililonse masana a Jeremiah ankalowetsa fulashi m'kanema wa panyumba, ndipo akazi awo ankakhala pampando wa pafupi ndi zenera, lichero la nyemba lili pamiyendo. Ziweruzo zawo zinali zitatu basi. Nthawi zina ankati, "Iyi ndiye filimu." Nthawi zina ankati, "Iyi tangotha nayo magetsi." Koma kawirikawiri, osakweza n'komwe maso kuchoka m'lichero, ankati, "Apa mwalankhula kwambiri, bambo a Thandie."

Mayi Ennie anayamba kudwala m'mwezi wa Meyi, ndipo kumayambiriro a Juni anagonekedwa kuchipatala chachikulu. Monga mwa dongosolo, amene ankawadikirira ku wodi ya amayi anali mng'ono wawo. A Jeremiah ankapitako masana aliwonse, nthawi yoonera odwala, atanyamula fulasiki ya phala. Sanaphonye tsiku kwa sabata ziwiri. Lachiwiri la sabata yachitatu, magetsi amene anali atazima masiku awiri anayaka cha m'ma teni koloko m'mawa, ndipo panali filimu yankhondo imene inatsala pang'ono kutha. Iwo anawerengetsa kuti pofika hafu leveni adzakhala atamaliza. Anaika chikwama cha fulasiki pansi pa tebulo, nazimitsa foni. Magetsi anazimanso kanthawi, kenaka anayakanso, ndipo ntchito inatha wani koloko itadutsa. Atayatsa foni, analandira mauthenga khumi ndi anayi osonyeza kuti mlamu wawo anawaimbira. Mayi Ennie anali atamwalira patangopita mphindi makumi awiri thwelofu itakwana, m'kati mwa nthawi yoonera odwala, amuna a anzawo ali chiimire pambali pa mabedi ena onse.

Maliro anakaikidwa ku Mponela. A Jeremiah sanalire, ndipo anthu a mpingo anayamikira chikhulupiriro chawo. Iwo anamva mawu oyamikirawo monga mmene munthu amamvera wailesi ya m'nyumba ya mnansi. Atabwerera ku Kawale, ankadzuka, kusesa, kuwiritsa madzi, ndi kukhala. Njala sankaimva, komabe chakudya akachiona ankadya. Thandie anayamba kuwaumiriza kuti asiye nyumba ya lendi ndi kukakhala ku Area 25, kumene mkamwini wawo Emmanuel anali atawakonzera kale chipinda. A Jeremiah anadziwa tanthauzo la chipinda chimenecho: mpando wa pakhonde, tiyi wa teni koloko, ndi kuyang'ana geti mpaka imfa. Chimene chinkawapatsa chifukwa chokanira mwaulemu chinali ntchito yokha. Choncho patapita sabata zisanu ndi imodzi, anabwerera kwa Kasimu.

Filimu imene anaipeza inali ya bambo wokonza mawotchi ndi mkazi wake. Mawu a Atsibweni anabwera monga kale, ndipo ola loyamba linayenda bwino. Kasimu, poona kuti madala ali bwino, anawasiya okha napita kumsika. Chakumapeto kwa filimuyo, mkazi uja agonekedwa m'chipatala, ndipo mwamunayo akhala pambali pa bedi, namugwira dzanja kufikira atamwalira. Chigawo chimenecho n'chotalika mphindi zisanu ndi zinayi. A Jeremiah anachionera, maikolofoni ili patsogolo pawo, kope lili lotsegula. Sanaganize zokhala chete. Sanamve chisoni, kapena mantha, kapena china chilichonse chimene akanatha kuchitchula. Anangoona kuti pamene namwino anafunditsa mkaziyo nsalu, pakamwa pawo panayambanso kuyenda, ndipo anamaliza filimuyo monga mwa masiku onse. Kasimu, amene kwa zaka zambiri sanaonepo chifukwa chobwerezera ntchito ya madala, anaiika pakompyuta osaimvetsera. M'masiku anayi inali italowa m'mafoni mazana angapo.

Lachiwiri masana, Kasimu anawaitanira kuseri kwa kashopu, pamene pali mulu wa makatoni.

"Madala, ndikulankhula ngati mwana wanu," anatero akuyang'ana pansi. "Anthu akubwera kudzandikalipira. Akuti ndawaikira filimu yakufa. Ena ayamba kupita kwa uja wa pafupi ndi zigayo."

"Ndamva," anayankha a Jeremiah.

"Ine ndinali nanu ku Mponela. Ndikudziwa zonse. Koma kasitomala sadziwa, ndipo sangadziwe, chifukwa inu nomwe simufuna. Pali Shepherd, uja amamasulira za karate. Wakhala akundipempha mpando wanu kuyambira chaka chatha. Ine ndimamukaniza." Kasimu anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Lachisanu m'mawa tilowenso m'chipinda. Mudzaze malo aja, tiwaikire anthu yatsopano mwaulere. Zikakanika, madala, musadzandione ngati munthu woipa. Mpando ndidzaupereka, inu mukapume kwa Thandie."

"Mwanena mwachilungamo, a Kasimu. Lachisanu ndidzabwera."

Lachitatu m'mawa anakhala pabenchi monga mwa chizolowezi, kope lili m'thumba la jekete. Mphepo ya Ogasiti inkanyamula mapepala ndi kuwaunjika m'ngalande. Pamzere wodikira kuikitsa mafilimu panali Collins, wa kabaza wa njinga yamoto, ndi mayi Vaileti, ogulitsa tomato pabenchi yachitatu kuchokera pageti la msika, pamodzi ndi anthu ena angapo. Nkhani inayambira pa sewero la ku India limene limaonetsedwa pakanema madzulo aliwonse.

"Apongozi aja anayamba kugwa pamasitepe Lolemba," anatero mayi Vaileti. "Dzulo Lachiwiri anali akugwabe. Ine ndinapita kukapatsa ana madzi osamba, kubwerako ndinapeza asanafike pansi."

"Ndiye mumaoneranji, mayi?" anafunsa Collins.

"Ndikufuna ndione ngati athyoke. Mtima wawo ndi woipa ngati wa apongozi anga."

Anthu anaseka. Collins anapereka foni yake pazenera nati, "Aise Kasimu, undiikire zomenyana zokhazokha lero. Ya wamawotchi ija unatibera. Ine ndimaganiza kuti sipika yapsa. Ndinaimenyetsa foni pathanki ya njinga kawiri konse."

"Foni yako inafa kalekale iwe, imayenda ndi mphira," anatero mayi Vaileti. "Usanamizire Atsibweni."

"Atsibweni akalamba, mayi. Anagona pamaiki. Mphindi zonse zija, zii, ngati tili pamaliro a munthu wopanda abale. Munthu wandalama zake akufuna adziwe kuti dokotala uja akuti chiyani, iwo phee. Apume basi, apatse mpata anyamata."

Bambo wina wa pamzerepo anati kwawo ana anaganiza kuti Atsibweni apita kukataya madzi. Wina anati mwina magetsi anawazimira. Kasimu anakweza mawu a nyimbo pang'ono, koma mayi Vaileti anawapitirira.

"Ine za kukhala chetezo sindikudandaula nazo. Kodi munthu akamatsirizika mumafuna wina azikufotokozerani? Maso mulibe? Chimene chinandinyansa ine ndi bodza la filimuyo."

"Bodza lanji?" anafunsa Collins.

"Mwamuna kukhala pambali pa bedi masiku atatu, kumupukuta mkazi thukuta, kumugwira dzanja mpaka mpweya kutha. Mwamuna uti? Wa kuti? Ine ndadikirirapo odwala katatu, ndagona pasimenti pansi pa bedi, nditangoyala chitenje. Amuna akwathu kuno amabwera masana ndi fulasiki ya phala, n'kuima kumiyendo kwa bedi ngati abwera kudzaona mbuzi yogula. Amvekere, 'Kodi adya?' Belu likangolira, oyamba kutuluka ndi iwowo. Ena ngakhale masanawo safika. Amati anatanganidwa."

"Nanga amatilola kugona ku wodi ya azimayi?" anatero Collins. "Lamulo si lathu, mayi."

"Lamulo limakuletsa kugona. Kufika pa nthawi yake limakuletsanso?"

Collins anakanda m'mutu, ndipo amayi awiri a pamzerepo anawomba m'manja. Pamenepo mayi Vaileti anatembenukira kubenchi. Iwo ankawadziwa a Jeremiah monga bambo wa jekete wokhala pamenepo masiku onse, koma dzina lawo, kwawo, kapena zimene zinawagwera sankazidziwa.

"Inu abambo, mumangomvetsera ngati a khothi. Munaionera ya wamawotchiyi?"

"Ndinaionera, mayi."

"Ndiye tiuzeni, inu ndinu wamkulu. Ndikunama?"

"Simukunama ayi," anatero a Jeremiah.

"Mwamva? Mwamuna mnzanu wavomera."

Mzere unasuntha, nkhani inapita ku filimu ina ya ku Nigeria, ndipo mayi Vaileti anabwerera ku tomato wawo. A Jeremiah anayembekezera kuti mawu aja awapweteke. Anakhala ngati munthu amene wamenya chala pamwala nadikira kuti ululu ufike. Sunafike. Chimene anaona n'chakuti dzanja lawo linali litatulutsa kale kope m'thumba, ndipo linali kulemba: fulasiki ya phala, mbuzi yogula, kodi adya, ena ngakhale masanawo safika. Dzanjalo linagwira ntchito imene linaizolowera kwa zaka zambiri, ndipo iwo sanaliletse.

Lachinayi sanatuluke. Anachapa malaya awiri, nawayanika, nawaanula. Fulasiki ija, imene amayi a chigwirizano anaitsuka pa nthawi ya maliro, inali pamwamba pa kabati pamene anaiika iwowo. Lichero linali pamsomali wake. Cha m'ma folo koloko Thandie anaimba foni.

"Adadi, mukudya koma?"

"Ndikudya, mwana wanga."

"Chipinda chija tachipenta. A Emmanuel akuti akhoza kubwereka galimoto kuntchito kwawo Loweruka la sabata yamawa, tidzanyamule katundu. Mukukakamira chiyani ku Kawale nokhanokha?"

"Uwathokoze amuna akowo m'malo mwanga. Ndidzakuyankha mawa likadutsa."

"Mawa kuli chiyani?"

"Kuli kantchito."

Lachisanu magetsi analipo kuyambira m'mawa. Kasimu anali atakonza kale kompyuta, filimu itaima pamene mkazi uja akulowetsedwa m'chipinda cha chipatala. Anayang'ana kukhoma pamene a Jeremiah anatulutsa foni yawo m'thumba. Iwo anaiyang'ana kanthawi, kenaka anaizimitsa. Panalibenso munthu amene akanawafuna nthawi ya masana.

"Tikhoza kuyesa kangapo, madala. Musadzipanikize."

"Kamodzi kakwanira. Yatsani."

Chithunzi chinayenda. Kasimu anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenaka mawu othamanga otulukira m'mphuno aja anabwera, athunthu, ngati kuti sanachokepo.

"Eee, abale anga, taonani chipinda! Chipinda chonsechi wodwala mmodzi! Kwathu kuno tikanalowamo anthu fote, wina n'kutsegulamo okala pakona apo. Maluwa patebulo! Munthu akudwala, iwo akumubweretsera maluwa. Adye maluwa? Nthochi zinatha kumsika? Uyo dokotala walowa. Taonani tsitsi, ngati lanyambitidwa ndi ng'ombe. Akuti, 'Bambo, tayesetsa.' Wamawotchi akuti, 'Yesaninso, dokotala, ine wotchi ikaima ndimaigogoda kumsana.' Makina awo akungolira, tii, tii, tii, ngati lole ya mchenga ikubwerera m'mbuyo ku Tsabango."

Kasimu anatseka pakamwa ndi dzanja kuti kuseka kwake kusalowe m'maikolofoni. A Jeremiah anamva mawuwo akutuluka ngati madzi a pampopi wa anthu ena. Anayang'ana kope, natembenuza tsamba. Pachithunzi, mwamuna uja anakhala pansi nagwira dzanja la mkazi wake.

"Koma abale, tiyeni tinene chilungamo. Mwamuna ameneyu ndi wa m'filimu. Masiku atatu pambali pa bedi! Mwamuna uti? Wa kuti? Amuna akwathu kuno timafika masana ndi fulasiki ya phala, n'kuima kumiyendo kwa bedi ngati tabwera kudzaona mbuzi yogula. 'Kodi adya?' Belu likangolira, liwiro! Ndiye pali ena, abale anga, ena ngakhale masanawo safika. Fulasiki ili pansi pa tebulo, phala likuzizira, foni azimitsa. Ukawafunsa akuti, 'Ndinatanganidwa.' Anatanganidwa! Ameneyo ndiye katswiri. Muwombereni m'manja."

Namwino anafunditsa mkaziyo nsalu. Mphindi zisanu ndi zinayi zinakwana popanda mpata wotsala. Kasimu anaimitsa makina. Sanali kusekanso.

"Madala," anatero Kasimu, "mawu omalizawo tiwachotse. Ndikhoza kudula, palibe angadziwe."

"Asiyeni. Anthu aseka pamenepo."

"Koma inuyo..."

"Kodi malo aja adzaza, a Kasimu?"

"Adzaza."

"Mpando uli bwanji?"

Kasimu anayang'ana mathileyi a mazira a pakhoma. "Mpando ndi wanu. Shepherd apitirize za karate. Lolemba kuli ina ya ku India, ya maola atatu."

"Zikomo. Mundiikire iyi mufulashi."

Masana omwewo Kasimu anayamba kuikira anthu filimu yokonzedwayo mwaulere. Loweruka m'mawa a Jeremiah atakhala pabenchi, Collins anaimitsa njinga yake osaizimitsa nafuula kuti Atsibweni abwerera, ndipo kuti pa za lole ya mchenga paja iye anatsala pang'ono kugwa pampando. Mayi Vaileti anabwera ndi foni m'manja, akuuza aliyense kuti Atsibweni awabera mawu.

"Mbuzi yogula ija ndi yanga ine! Ndinanena pompano, abambo awa ndi mboni. Ameneyu ali ndi akazitape mumsika muno." Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Koma za foni yozimitsa zija wawonjezera yekha. Ameneyo amawadziwa amuna. Si choncho, abambo?"

"Amawadziwa," anatero a Jeremiah.

Anabwerera ku Kawale wapansi. Panjira anaimbira Thandie namuuza kuti galimoto isabwere, chifukwa ntchito ikupitirira. Thandie anadandaula, ndipo iwo anamvetsera madandaulowo mpaka atatha, nathokozanso chifukwa cha penti.

Atafika kunyumba anavula jekete nalikoleka kuseri kwa chitseko. Linali Loweruka masana, choncho analowetsa fulashi m'kanema. Anakhala pamalo pawo pa masiku onse. Mpando wa pazenera anausiya mmene unalili. Filimu inayamba, ndipo Atsibweni analonjera anthu a ku Kawale, a ku Biwi, a ku Chinsapo ndi a ku Mgona, napatsa wamawotchi dzina la ku Dowa. A Jeremiah anaonera ola lonse osasuntha. Panalibe wonena kuti iyi ndiye filimu, kapena kuti tangotha nayo magetsi.

Pamene mkazi uja analowetsedwa m'chipinda cha chipatala, ndipo mawu othamanga aja anayamba kunena za anthu fote ndi okala, iwo anatenga rimoti natsitsa mawu mpaka anatheratu. M'nyumbamo munatsala phokoso la kunja lokha: chigayo cha kutsidya kwa msewu, mayi wina woitana mwana wake, ndi malata ogwedezeka ndi mphepo. Pakanema mwamunayo anapukuta mkazi wake pamphumi, nakhala pansi, namugwira dzanja. A Jeremiah anaonera mphindi zonse zisanu ndi zinayi, manja ali pamaondo. Namwino atafunditsa nsalu, anakwezanso mawu, ndipo Atsibweni anali kukumbutsa anthu kuti mafilimu abwino amapezeka kwa Kasimu mumsika wa Chilinde.

Filimu itatha anachotsa fulashi, nazimitsa kanema. Anatsegula kope patsamba latsopano, nalemba pamwamba pake kuti: Lolemba, ya ku India, maola atatu.